Mpweya ulowe, mafuta atuluke, nde ati akupulumutsa dziko

Pali kamawu kamodzi kamene ndili nako pa mkangano, ndipo n'kakang'ono moti mukhoza kundiseka: "ndi". Pitani pa tsamba la yunivesite yaikulu iliyonse yophunzitsa za mafuta apansi, kaya ku Texas, kaya ku London, kaya ku Norway, mukapeza labu imene ntchito yake yalembedwa chonchi: timafufuza miyala pofuna kuthandiza kutulutsa mafuta ambiri ndi kusunga mpweya wa kaboni pansi pa nthaka. Werenganinso pang'onopang'ono. Kutulutsa mafuta, amene akapsa amabala mpweyawo, ndi kusunga mpweyawo. Zili ngati kulemba pachitseko kuti pano timagulitsa kachasu ndi kuthandiza ofuna kusiya mowa. Kamawu kameneka kasenza katundu woposa msinkhu wake, ndipo ine ndikuti akukagwiritsa ntchito potiphimba m'maso.

Musafulumire kundiika m'gulu la odana ndi sayansi, aja amati dziko ndi lafulati. Ayi. Zimene zimachitika m'malabu amenewa ndi ntchito yaluso kwambiri, ndipo kuti mkwiyo wanga muumve bwino muyenera kaye kuiona ntchitoyo.

Ambirife tikamva za mafuta apansi timaganiza kuti kunsiku kuli nyanja yakuda, munthu amangoponyamo paipi n'kumayamwa. Sizili choncho. Mafuta amakhala m'kati mwa thanthwe lenilenilo, m'timabowo ting'onoting'ono ta pakati pa njere za mchenga zimene zinamatana kalekale, monga madzi amakhalira m'chinkhupule. Kungoti chinkhupule ichi n'cholimba kuposa njerwa yootcha, chili makilomita awiri kapena atatu pansi, ndipo palibe dzanja lochifinya. Nde akatswiri amatsitsa chobowolera cha mphako pakati, chimene chimadula thanthwe n'kukwera nalo ngati chipika chachitali chobulungira, chonenepa ngati nsungwi yaikulu. Pachingerezi amati core. Chipikacho amachidula, kuchilemba manambala, kuchisunga m'mabokosi ngati chuma, poti kuchitulutsa pansipo kumadya ndalama zankhaninkhani. Pa chipikacho amabowolaponso kachidutswa ka masentimita 3.8 m'mimba mwake, kotalika masentimita 5 kapena 7, kukula kwake ngati batire lalikulu lija la wailesi ya agogo. Nkhani yonse ya mabiliyoni a madola imayambira pa kabatire ka mwala kameneka.

Amakatsuka ndi mankhwala, kukaumitsa, kukayeza. Choyamba amafuna kudziwa kuti timabowo tatenga malo ochuluka bwanji. Mwala wabwino wa mchenga umakhala ndi mpata wokwana gawo limodzi mwa magawo 5. Chachiwiri, kodi timabowoto n'tolumikizana moti zamadzimadzi zingadutse? Muyeso wa zimenezi umatchedwa darcy, kuchokera pa dzina la Henry Darcy, injiniya wa ku Dijon ku France, amene mu 1856 anafalitsa zimene anapeza pothira madzi m'mipope yodzaza mchenga. Mkuluyo ankangofuna kuti anthu amwe madzi abwino. Akanadziwa! Kenako kamwalako amakaveka mphira, kukatsekera m'chitsulo cholimba, kukatenthetsa ndi kukapanikiza mpaka kamve ngati kabwerera kwawo pansi. Amakamwetsa madzi amchere, kenako mafuta osayenga, n'kukasiya milungu ingapo kuti mafutawo akakamire. Ndiye amayamba kupopa: madzi alowe mbali ino, tione mafuta angati atuluke mbali inayo. Masiku ano amakaunikanso ndi makina a X-ray oona tinthu tochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, moti pa kompyuta umachita kuliona dontho la mafuta lili phee m'kabowo kake, likukana kusuntha.

Dontho lokana kusunthalo ndiye mdani wamkulu wa makampani a mafuta. Chitsime chikangobowoledwa mafuta amakwera okha, koma ochepa. Akapopera madzi pansi kuti awakankhe, enanso amatuluka. Pamapeto pa zonsezo, m'malo ambiri pafupifupi magawo awiri mwa atatu amatsalira m'thanthwe. Madzi ndi mafuta sizimvana. Aliyense amene anayesapo kutsuka chiwaya cha tchipisi ndi madzi ozizira akudziwa. Koma taonani makaniko wa ku Ndirande kapena ku Biwi akaweruka: girisi amamuchotsa m'manja ndi petulo kapena parafini. Mpweya wa kaboni ndiye parafini wa pansi pa nthaka. Ukaupanikiza kuwirikiza ka 74 mphamvu ya mpweya umene tikupumawu, pamene tayala la galimoto limangofika kawiri kapena katatu, komanso pa kutentha koposa madigiri 31, umasanduka chinthu chapakatikati, cholemera ngati chamadzi koma cholowerera paliponse ngati mpweya. Ukatsika mamita 800 zimenezi zimachitika zokha. Ukakumana ndi mafuta umasungunukiramo, kuwafufumitsa, kuwachotsa kunanda, ndipo dontho lija limanyamuka ulendo wa ku chitsime.

Nzeru imeneyi si ya dzulo, ndipo sinabadwe chifukwa chomvera chisoni nyengo. Mu 1972, ku Scurry County ku Texas, pa malo otchedwa SACROC, anayamba kupopera mpweyawu pansi pa mlingo waukulu, cholinga chimodzi basi: mafuta. Zinayenda bwino moti mpweya unayamba kuperewera. Mukudziwa kumene anakautenga? Pansi pa nthaka pomwepo. Ku McElmo Dome ku Colorado, ku Bravo Dome ku New Mexico, ku Jackson Dome ku Mississippi, kuli mpweya wa kaboni umene chilengedwe chinautsekera chokha kalekale. Anaubowolera, kuutulutsa, kuuyendetsa m'mapaipi, ina yotalika makilomita 800, n'kukautsitsanso kwina kuti ukafukule mafuta. Mpaka lero gawo lalikulu la mpweya umene amagwiritsa ntchito motere ku America ndi wochita kukumba, osati wogwidwa pa chumuni cha fakitale. Nde wina akamakuuzani kuti makampani a mafuta ali ndi zaka 50 akusunga kaboni pansi, mufunseni kuti kaboniyo anamupeza kuti. Munthu wofukula maliro apa n'kukawaika apo sitimuyamika kuti ndi mdzukulu wakhama.

Tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a ku pulayimale. Mgolo umodzi wa mafuta, malita 159, ukapsa m'mainjini umatulutsa makilogalamu pafupifupi 430 a mpweya wa kaboni. Wonjezerani ena pafupifupi 100 otuluka pokumba, poyenga ndi ponyamula. Bungwe la International Energy Agency, limene si la anthu onyamula zikwangwani mumsewu, limati ku America kuti mgolo umodzi utuluke mwa njira imeneyi pamalowa mpweya wa pakati pa makilogalamu 300 ndi 600. Ikani manambalawo pambali pa anzake. Zikayenda bwino kwambiri, zolowa zimangofanana ndi zotuluka kapena kupyolako pang'ono. Zikayenda mwa masiku onse, mwatulutsa zambiri kuposa zimene mwakwirira. Ndipo ngati mpweya wolowawo unachokera ku McElmo Dome, palibe chimene mwachotsa m'mlengalenga, ngakhale supuni imodzi.

Koma chimene chimandipweteketsa mutu kwenikweni chili mu labu momwemo. Zolinga ziwiri zimene kamawu kaja kakulumikiza zimakokerana mbali zosiyana. Kwa wofuna mafuta, mpweya ndi katundu wogula. Akufuna wochepetsetsa pa mgolo uliwonse, ndipo umene wakwera pamodzi ndi mafuta amaupatula n'kuubweza pansi kuti ukagwirenso ganyu. Dontho la mpweya lokanirira m'kabowo kwa iye ndi ndalama yotayika. Kwa wofuna kusunga, dontho lomwelo ndiye chipambano: akufuna mpweya wambiri ukanirire, usungunuke m'madzi amchere, usadzakwerenso. Mphamvu imodzimodziyo ya timabowo, yogwira dontho osalitaya, kwa uyu ndi tsoka, kwa uyo ndi mwayi. Makina ndi omwewo, kamwala n'komweko, wophunzira wa PhD wogona mu labu akudikira pampu ndi yemweyo. Pakutha pa sabata pamatuluka manambala awiri: mafuta amene atuluka, mpweya umene watsala. Tikulitse nambala iti? Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Koma pano palibe wovumbwa, chifukwa phanga amasankha ndi amene wagula pampu.

Nanga wagula pampu ndani? Si chinsinsi, amachita kudzitamandira. Mu 2000 BP inayamba kulipirira Carbon Mitigation Initiative pa yunivesite ya Princeton. Mu 2002 ExxonMobil inalonjeza madola 100 miliyoni ku Global Climate and Energy Project ya Stanford. Mu 2008 Imperial College London inatsegula malo ofufuzira miyala ndi kusunga kaboni ndi madola 70 miliyoni ochokera ku Qatar ndi ku Shell. Sindikunena kuti mapulofesa amapeka manambala. Sapeka, ndipo zambiri zimene tikudziwa za kuopsa kwa zitsime zakale zodontha zinachokera m'manja mwawo. Mwini ndalama safunika kugula yankho, amangosankha funso. Funso loti thovu kapena madzi osinthanitsa ndi mpweya angakokolole bwanji mafuta ochuluka lili ndi bajeti, lili ndi misonkhano m'mahotela. Funso loti kodi magawo awiri mwa atatu otsala aja akufunikadi kutuluka silili pa fomu ya aliyense. Chonsecho mafuta okanirira m'thanthwewo ndi kaboni wosungidwa kale, mwaulere, popanda paipi, popanda pampu, popanda womulondera, ndipo wakhala momwemo zaka mamiliyoni. Labu imene ikuti ikufuna kusunga kaboni ikutha masiku ake ikufufuza njira yothyolera nkhokwe yabwino koposa zonse.

Palinso vuto la msinkhu. Kamwala ka mu labu sikanama, koma kamangonena za iko kokha. Malabu ambiri padziko amakonda mwala wa Berea, wokumbidwa ku Ohio, umene kale ankasemera miyala yonolera mipeni ndi nkhwangwa. Amaukonda chifukwa ndi waulemu: njere zake n'zofanana, zotsatira za ku Tokyo zimagwirizana ndi za ku Houston. Thanthwe lenileni la pansi pa nyanja ulemu umenewo lilibe. Lili ndi ming'alu, mizere yopyapyala ya dongo louma gwa, zitsime zakale zimene anazitseka mwachisawawa. Kuyeza kabatire kamodzi n'kumalosera za thanthwe la makilomita makumimakumi kuli ngati kulawa mtedza umodzi n'kulumbirira nkhokwe zonse za ku Mchinji. Akatswiri enieni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amawonjezera makompyuta ndi mafunde ounikira pansi. Oiwala ndi aja olemba zotsatsa.

Tengani Sleipner, mwana wokondedwa wa nkhani imeneyi. Mu 1991 dziko la Norway linaika msonkho pa mpweya wa kaboni wotuluka pokumba mafuta ndi gasi pa nyanja. Mu 1996 kampani ya Statoil, imene lero ndi Equinor, itaona kuti kukwirira n'kotchipa kuposa kulipira, inayamba kupopera matani pafupifupi miliyoni imodzi pachaka m'thanthwe la Utsira, pansi pa North Sea. Mpweyawo sunadonthe, tiwapatse ulemu wawo. Koma pofika 1999 zithunzi zinaonetsa kuti wakwera kale mpaka pamwamba penipeni pa thanthwelo, utayala m'magawo 9, mofulumira kuposa mmene ankayembekezera. Chinautchinga ndi denga la mwala wolimba. Ku Snøhvit, ku Norway komweko, anayamba mu 2008. Thanthwe limene ankati lilandira mpweya zaka zambirimbiri linayamba kukana, kupanikizika kukukwera, mpaka mu 2011 anasamukira m'thanthwe lina. Ku In Salah, m'chipululu cha Algeria, BP, Statoil ndi Sonatrach anakwirira matani 3.8 miliyoni kuyambira 2004, nthaka n'kumatukuka mamilimita angapo pachaka moti masetilaiti ankachita kuona. Mu 2011 anasiya poopa kuti denga likung'aluka.

Koma mfumu ya zonse ndi Gorgon. Pa chilumba cha Barrow ku Australia, malo otetezedwa a zachilengedwe, boma linalola Chevron kumanga fakitale yaikulu ya gasi pa lonjezo loti magawo 80 mwa 100 a mpweya wa kaboni wokwera pamodzi ndi gasiyo azikwiriridwa. Onani bwino: wokwera naye kuchokera pansi, osati wotuluka gasiyo akamakapsa ku Japan kapena ku China. Gasi anayamba kugulitsidwa mu 2016. Kukwirira kunayamba mu 2019, ndipo pakati ponsepo mpweya unkangopita kumwamba. Atayamba, mchenga unatseka zitsime zimene zimayenera kutulutsa madzi kuti mpweya upeze malo. Mchenga, abale. Chinthu chomwecho chimene akhala akuchiunika ndi X-ray. Zaka zaposachedwapa akhala akukwirira pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, kuperewerako n'kumakulipira pogula ziphaso za kaboni kwina. Lonjezo linasweka, koma sitima za gasi sizinaime kudikira kuti likonzedwe.

Mukaphatikiza mafakitale onse padziko ogwira mpweyawu, mphamvu yawo mu 2024 inali cha m'ma matani 50 miliyoni pachaka, pamene dziko linkatulutsa matani 37 biliyoni kuchokera ku malasha, mafuta ndi gasi. Ndiye kuti ntchito ya chaka chathunthu ikufanana ndi utsi wa maola 12. Kuchokera m'mamawa wa 1 Januwale mpaka madzulo, basi yatha. Ndipo mwa kochepako, pafupifupi magawo 7 mwa 10 akhala akupita kukatulutsa mafuta.

Ngati mukufuna kudziwa kuti pa zolinga ziwirizi wamkulu ndani, onani chimene chimachitika mtengo wa mafuta ukagwa. Petra Nova, pafupi ndi Houston, inali chionetsero cha America: makina a madola biliyoni imodzi, pafupifupi 190 miliyoni mwa izo zochokera ku boma, ogwira mpweya pa fakitale ya magetsi a malasha n'kuutumiza pa paipi kukatulutsa mafuta ku West Ranch. Inayamba mu 2017, atolankhani ali yakaliyakali. Mu Epulo 2020, Covid ataimitsa ndege ndi magalimoto, mtengo wa mafuta ku America unagwa mpaka kunsi kwa ziro. Mwezi wotsatira Petra Nova anaizimitsa. Malasha anapitiriza kupsa, chumuni chinapitiriza kufuka, nyengo sinachire, koma makina opulumutsa dziko anapita pa holide mpaka 2023.

Ndipo dilu yake ili ndi wolipira wina: wokhoma msonkho. Ku America kuli lamulo lotchedwa 45Q, limene limachotsera kampani msonkho pa tani iliyonse ya mpweya imene yagwira n'kukwirira. Mu 2020 ofufuza za misonkho a boma lomwelo anapeza kuti pa ndalama pafupifupi biliyoni imodzi zimene makampani anadzichotsera m'zaka khumi, pafupifupi madola 900 miliyoni anatengedwa popanda kutsatira malamulo otsimikizira kuti mpweyawo ulidi pansi. Mukuganiza kuti lamulolo analithetsa? Analikulitsa. Mu 2022 anaika madola 85 pa tani yongosunga ndi 60 pa tani yotulutsira mafuta. Kusiyana kwa madola 25 kumeneko kunali kamanyazi kotsala, kuvomereza kuti zinthu ziwirizi si zofanana. Mu Julaye 2025 anakufufuta, zonse n'kukhala 85. Tsono kampani imalandira ndalama mpweya ukamalowa, n'kulandiranso mafuta akamatuluka. Aise, ngakhale akatapila sadya mbali ziwiri chonchi.

Tsopano ndimve mbali inayo, poti ili ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera ndithu. Pali utsi umene dzuwa ndi mphepo sizingauchotse. Simenti ndiye chitsanzo: ukawotcha mwala wa laimu, mwalawo umatulutsa mpweya wa kaboni wokha, kaya ng'anjo yako ikuyendera malasha kaya magetsi a dzuwa, ndipo simenti imapereka magawo 7 kapena 8 mwa 100 a mpweya wonse wa padziko. Ife amene tikufuna nyumba, milatho ndi masukulu sitinganene kuti simenti ithe. Ku Brevik ku Norway, fakitale ya Heidelberg Materials inayamba mu 2025 kugwira mpweya wake, mlingo wake matani 400,000 pachaka, kuutumiza pa sitima kuti ukakwiriridwe mamita 2,600 pansi pa nyanja. Ku Iceland, a Carbfix amasungunula mpweya m'madzi n'kuupopera m'mwala wa chiphalaphala. Mu 2016 analengeza mu magazini ya Science kuti magawo oposa 95 mwa 100 anasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Zimadya madzi ambiri, matani pafupifupi 25 pa tani imodzi ya mpweya, koma mwala sudontha. Ntchito ngati zimenezi zimafuna labu, zimafuna kamwala, zimafuna wophunzira uja wogona pa pampu. Ndimazivomereza ndi manja awiri. Koma taonani kuti pa zonsezi palibe mgolo wa mafuta umene ukutuluka. Zikutheka popanda kamawu kaja.

Mfundo yachiwiri amati: mafuta anthu agulabe, nde kuli bwino atuluke pa chitsime chakale kusiyana n'kukabowola malo atsopano. Zikumveka bwino m'khutu, makamaka kwa ife amene tinaona boma likugawa nyanja yathu m'zigawo zofufuza mafuta kuyambira 2011. Koma ndionetseni kampani imodzi imene inati, poti takolola zambiri pa chitsime chakale, tasiya kufunafuna kwina. Mu 2023 ExxonMobil inagula Denbury, mwini mapaipi ambiri a mpweya wa kaboni ku America, pa madola 4.9 biliyoni, n'kuimba ng'oma kuti yalowa m'nkhondo yoteteza nyengo. Chaka chomwecho inalengeza kuti ikugula Pioneer, kampani yobowola zitsime zatsopano ku Texas, pa madola pafupifupi 60 biliyoni. Mtima wa munthu umaoneka pa bajeti. Mafuta akachuluka pa msika mtengo umatsika, ndipo mtengo ukatsika amapsa ambiri.

Yachitatu ndiyo imandivuta pang'ono: odziwa za pansi pa nthaka ndi anthu a mafuta omwewo, nde mukawathamangitsa ntchitoyi agwira ndani? N'zoona. Luso lili m'manja mwawo, mabokosi a zipika za miyala ali m'nyumba zawo zosungira. Alembeni ntchito, agwiritseni ntchito luso lawolo. Koma khoswe sapatsidwa makiyi a nkhokwe chifukwa choti amadziwa njira zake zonse. Ndikufuna mabuku awiri osiyana. Kafukufuku wotulutsa mafuta atchedwe dzina lake, alipiridwe ndi eni mafuta, asalandire tambala ya ndalama za nyengo. Kafukufuku wosunga mpweya alipiridwe ndi boma kapena ndi msonkho wa oipitsawo, zotsatira zake ziikidwe poyera, ndipo wowerenga matani a pansi asakhale yemweyo amene akulandira ndalama pa tani iliyonse. Pepala lililonse la sayansi lonena za matani okwiriridwa lizinenanso pa tsamba lomwelo migolo imene yatuluka.

Osaiwala kuti mapaipi amadutsa pa makomo a anthu. Mu Febuluwale 2020, pafupi ndi mudzi wa Satartia ku Mississippi, mvula yamphamvu inagumula nthaka, paipi ya Denbury n'kuphulika. Mpweya wa kaboni ndi wolemera kuposa umene timapumawu, nde unatsetserekera m'chigwa ngati nkhungu. Anthu anakomoka, magalimoto anazima okha poti injini nayo imafuna mpweya wabwino, othawa n'kusowa chothawira. Anthu 45 anapita ku chipatala, pafupifupi 200 anasamutsidwa. Mpweya umenewo unachokera ku Jackson Dome, ulendo wokatulutsa mafuta.

Mwina mukufunsa kuti za ku Texas zikutikhudza bwanji ife a bandulo ya pa sabata. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa khumi la tani ya mpweyawu pachaka. Wa ku America, matani pafupifupi 14. Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana atasesa Kapichira, mdima tinaumva ndife. Asayansi a World Weather Attribution anapeza kuti kutentha kwa dziko kunakulitsa mvula ya anamondwe a chaka chimenecho. Mu Malichi 2023 Freddy anatsitsa matope a phiri la Soche pa Chilobwe, ndipo dziko lonse akufa ndi osowa anaposa 1,000. Chaka chilichonse chimene mayiko olemera akuchedwa kuchepetsa mafuta pokhulupirira kuti thanthwe lidzameza utsi wawo mtsogolo, ngongole yake imafika kuno. Ndipo nkhaniyi yafika kale pafupi. Ku Leandra, ku Mpumalanga, bungwe la Council for Geoscience linabowola mamita 1,800 ndi thandizo la World Bank, kutulutsa zipika za miyala kuti lione ngati pangasungidwe mpweya. Pafupi pomwepo pali fakitale ya Sasol ya ku Secunda, imene payokha imatulutsa matani oposa 50 miliyoni pachaka, mlingo wofanana ndi umene makina onse a padziko akanatha kugwira mu 2024.

Chipika chochokera pansi chimatha kunena zoona zowawa chikafunsidwa funso lina. Mu 2005 asayansi anaimika chobowolera pa Viphya pakati pa nyanja ya Malawi, n'kutulutsa matope a mamita 380 kunsi kwa pansi pa nyanjayo. Matopewo anaulula kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa nyanja mamita mazanamazana, madzi ake n'kuchepa ndi magawo 95 mwa 100. Nyanja imene timaiyesa yamuyayayi inatsala pang'ono kukhala chithaphwi. Luso lobowola ndi lomwelo, mabokosi ndi omwewo.

Chimene chimandisangalatsa ndi Vicki Hollub, amene mu 2023 anali mkulu wa kampani ya Occidental, n'choti iye sabisa. Mu 2023 kampani yake inagula Carbon Engineering pa madola 1.1 biliyoni, n'kumanga ku Ector County ku Texas fakitale yotchedwa Stratos, yoyamwa mpweya wa kaboni m'mlengalenga momwe, mlingo wake matani 500,000 pachaka. Chaka chomwecho, pa msonkhano wa CERAWeek ku Houston, anauza anzake kuti luso limeneli ndi limene lidzasunge bizinesi ya mafuta, kuipatsa chilolezo chopitiriza zaka 60, 70, 80. Mu 2025 anawonjezera kuti kupopera mpweya pansi kungatulutse migolo ina 50 mpaka 70 biliyoni ku America kokha. Tengani nambala yaing'onoyo, 50 biliyoni, muchulukitse ndi makilogalamu 430. Mupeza matani oposa 21 biliyoni. Stratos, itamayenda usana ndi usiku popanda kuwonongeka, popanda holide ngati ya Petra Nova, ingamalize kuyamwa utsi umenewo pakatha zaka 43,000.